Kodi chammwamba ndi soursop zingachiritse khansa ya mayi anga?

Mlongo wina wa ku Chinamwali wanditumizira imelo. Mayi ake apezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo achipatala awauza kuti apite ku Blantyre akayambe thandizo. Abale akukana. Akuti anaona pa Facebook kuti asayansi apeza zoti masamba a chammwamba ndi a mtengo wazipatso wotchedwa soursop amapha khansa, ndiye palibe chifukwa chovutikira ulendo. Funso lake n'lakuti, kodi kafukufukuyu ndi woona?

Achemwali, pepani ndi matenda a mayi. Kafukufuku wotere alipodi, koma sanena zimene abale anuwo akumva.

Mu labotale zimayenda chonchi. Katswiri amaumitsa masamba, kuwasinja, n'kuwaviika mu ethanol, mowa waukali wa mu labotale, kuti zamkati zituluke. Kenako amadontheza madziwo pa maselo a khansa amene akuwasunga m'kambale. Maselo akafa, amalemba zimene waona, ndipo sananame. Koma m'kambalemo mulibe chiwindi chophwanya mankhwala, mulibe impso zowatayira mu mkodzo, mulibenso munthu woti avulale ngati mulingo wapitirira. Zambiri zimene zimapha maselo m'kambale zimalephera zikafika m'thupi. Soursop ali ndi vuto linanso: muli annonacin, amene amawononga maselo a minyewa, moti pachilumba cha Guadeloupe madokotala anakayikira chomerachi ataona matenda ofanana ndi a Parkinson, aja onjenjemeretsa thupi, mwa anthu amene ankachigwiritsa ntchito kwambiri.

Sindikunyoza zomera ayi. Mumadziwa timaluwa ta periwinkle, toyera kapena tofiirira, timene ambiri tinabzala pabwalo. Kwawo ndi ku Madagascar, ndipo m'menemo ndi mmene munachokera vincristine, mankhwala amene anavomerezedwa mu 1963 ndipo mpaka lero amathandiza ana odwala khansa ya m'magazi ndi khansa yotchedwa Burkitt lymphoma, imene imavuta ana kuno kwathu. Paclitaxel, mankhwala ena a khansa, nayenso anachokera ku khungwa la mtengo wa yew wa ku America. Koma mu tsamba la periwinkle mankhwalawo ndi ochepetsetsa. Pamafunika masamba makilogalamu mazanamazana kuti papezeke galamu imodzi, ndipo akayengedwa amaperekedwa kudzera mumtsempha, pa mulingo woyeza ndi thupi la wodwalayo. Wowiritsa masambawo mu poto samwa vincristine wochiza, amamwa msanganizo umene ungamudwalitse.

Pali phunziro lina limene limandikhudza. Asayansi ataona kuti odya masamba ndi zipatso zambiri sadwaladwala khansa, anaganiza kuti chinsinsi ndi beta-carotene, uja amapatsa karoti mtundu wake. Ku Finland anachita kafukufuku pa amuna osuta fodya oposa 29,000, ena n'kumawapatsa mapiritsi a beta-carotene. Zotsatira zitatuluka mu 1994, khansa ya m'mapapo inali yochuluka ndi 18 peresenti mwa amene ankamwa mapiritsiwo. Chinthu chabwino mu ndiwo chinasanduka choopsa chitachotsedwamo n'kuchulukitsidwa. Ndiye mukaona mabotolo a "zopha khansa" akugulitsidwa mtauni muno, ndalama zanu zisungeni.

Chakudya chili ndi malo ake, ndipo malowo ndi kuteteza. Nyemba, nandolo, bonongwe, nkhwani, chisoso ndi zipatso zodzadza mumsika wa Zomba zili ndi ulusi umene thupi siligaya. M'mimba mwathu ulusiwu umafulumizitsa chimbudzi, ndipo umboni ulipo wokwanira woti odya ulusi wambiri sagwidwa kawirikawiri ndi khansa ya m'matumbo. Denis Burkitt, dokotala amene ankagwira ntchito ku Uganda, ndiye anatchukitsa mfundoyi. Chinanso chimene sitichilabadira ndi chuku. Mtedza ndi chimanga zosauma bwino zimagwidwa ndi chuku chotulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo kuphika sikumuthetsa. Mtedza wovunda osausinja nsinjiro, utayeni.

Koma mayi anu adutsa kale pa kuteteza. Khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo ka HPV, ndipo ikagwidwa msanga imachizika ndi opaleshoni kapena thandizo lina la kuchipatala. Mwezi uliwonse umene akumwa masamba pakhomo, chotupacho chikukula. Aperekezeni ku Blantyre, tengani ndi m'bale mmodzi mwa okanawo kuti akadzimvere yekha kwa dokotala. Ngati mayi amakonda chammwamba ngati ndiwo, adye, n'chakudya chabwino ndithu, koma mukawauze adokotala chilichonse chimene akumwa, chifukwa zitsamba zina zimalimbana ndi mankhwala a khansa. Inunso, achemwali, kapimitseni. Njira yopaka viniga pakhomo la chiberekero sitenga nthawi. Ngati muli ndi mwana wamkazi, katemera wa HPV anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019, kafunseni pachipatala chapafupi ngati msinkhu wake wakwana.