Ndinamutukwana chifukwa cha nyenyezi imodzi, ndipepese?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Lilongwe amene amasewera Clash of Clans, gemu ya pa foni imene osewera amamanga midzi, kukhala m'magulu otchedwa clan, n'kumenyana ndi magulu ena pa war, kumene opeza nyenyezi zambiri pogumula midzi ya adani amapambana. Wandilola kumuyankha pano, bola ndisatchule dzina lake kapena la clan yawo. Ndaifupikitsa chonchi:

"Achimwene, ndine co-leader mu clan ya Amalawi, tilipo 38, ena ali ku Joni, awiri ku UK. Tinaluza war ndi nyenyezi imodzi yokha, 41 kwa 42. Munthu wina anaononga attack yoyamba, yachiwiri sanamenye n'komwe. Ndinapsa mtima, ndinaponya voice note pa gulu lathu la WhatsApp, ndinamunena kuti ndi chitsiru, akasewere bawo kumudzi. Iye anangolemba kuti netiweki inaduka, kenako magetsi anazima foni n'kuthima. Atatero anatuluka, ndipo anthu 9 amutsatira. Pano ndamva kuti ndi bambo wa zaka za m'ma 40, mphunzitsi. Leader akuti ndipepese. Koma iyeyo ndi amene anatiluzitsa, ndipo ine ndi amene ndimabweretsa nyenyezi zambiri. Ndipepese chiyani?"

Achimwene, pepesani. Koma ndikudziwa kuti simunalembe kalata yonseyi kuti ndikuyankheni ndi mawu amodzi, ndiye tiyeni tikhale pansi.

Choyamba ndivomere kuti kuwawa kwake ndikukumva. Amene sasewera amaseka akamva munthu wamkulu akudandaula za nyenyezi za pa foni. Sadziwa kuti war imodzi imadya masiku awiri, tsiku lokonzekera ndi maola 24 omenyana, kuti bandulo mumagula ndi ndalama yanu, kuti mwina munadzuka 2 koloko usiku kuyang'ana mudzi wa mdani kuti mudziwe koyambira. Kuluza ndi nyenyezi imodzi attack ina itangokhala osagwiritsidwa ntchito, mtima umatentha ndithu. Pamenepo sindikutsutsani.

Pamene tikusiyana ndi pa mawu akuti "ndi amene anatiluzitsa". War ya anthu 15 mbali iliyonse ili ndi nyenyezi 45, zitatu pa mudzi uliwonse wa adani, ndipo aliyense amapatsidwa mwayi womenya kawiri. Inu munapeza 41. Ndiye kuti nyenyezi zinayi zinatsala pa mapu, ndipo ndikukayika kuti zonsezo zinali za aphunzitsiwo. Pali ena amene anabwerako ndi ziwiri pamalo pofunika zitatu. Iwowo sanatukwanidwe chifukwa kulephera kwawo kunachitika masana, war ikadali ndi nthawi. Amene walephera komaliza ndi amene amaoneka, monga woponya penote yomaliza mu mpira, pamene timu yonse yakhala ikuphonya zigoli kwa mphindi 90.

Komanso chifukwa chimene anapereka si chachilendo kwa munthu wosewera ali kuno kumudzi. Attack ya Clash imatenga mphindi zitatu zokha, ndipo netiweki ikaduka mutaponya kale asilikali ena, gemu sikubwezerani mwayiwo. Amene munaponyawo amapitiriza okha, otsalawo amafera m'thumba. Malawi alibe nyanja ya mchere, intaneti yathu imayenda pa mawaya odutsa m'maiko oyandikana nafe kukalumikizana ndi zingwe za pansi pa nyanja. Mu May 2024 zingwe za EASSy ndi Seacom zitaduka, maiko angapo a m'chigawo chino, ife tomwe, tinavutika ndi intaneti, popanda aliyense wa ife kulakwitsa kanthu. Anzanu a ku Joni ndi ku UK mwina amaiwala zimenezi, koma inu muli ku Lilongwe. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Tsiku lina kadzazungulira kachizindikiro ka netiweki kaja pa foni yanu, asilikali anu a Hog Rider ali pakati pa mudzi wa eni.

Tsono apa pali milandu iwiri, ndipo inu mwaimanga mtolo umodzi. Woyamba ndi wa attack yosamenyedwa. Umenewo ndi wa clan yonse, ndipo uli ndi njira yake. Wachiwiri ndi wa voice note. Umenewo ndi wanu nokha. Ngakhale zitapezeka kuti bamboyo ananama, magetsi sanazime, anangogona, mawu akuti chitsiru anatuluka m'kamwa mwanu pamaso pa anthu 37. Kulakwa kwake sikufufuta kwanu.

Pali chinthu china m'kalata yanu chimene chandikhala pamtima. Mwalemba kuti "pano ndamva kuti ndi bambo wa zaka za m'ma 40". Zikumveka ngati manyazi anakugwirani mutadziwa zaka zake. Nanga akanakhala mwana wa Fomu 2? Ndiye kuti zikanakhala bwino? Pa bawo pansi pa mtengo wa mango mumaona imvi za amene mukusewera naye, mumaona akuyamba kupsa mtima n'kubweza lilime. Pa foni mumangoona dzina lopeka ndi nambala ya Town Hall, nyumba yaikulu ya mudzi imene imasonyeza pamene munthu wafika mu gemu. Ndiye timayesa ulemu ndi Town Hall: wa 16 amalankhula, wa 11 amamvera. Kunja kwa gemu wa 11 uja akhoza kukhala malume anu, kapena namwino amene akusewera ali pa shifiti ya usiku.

Musaganize kuti ndikukuonani ngati munthu woipa. Kampani ya Riot Games, eni ake a gemu ina yotchedwa League of Legends, inafufuza nkhani ya kutukwanaku pakati pa osewera ake. Inapeza kuti anthu otukwana nthawi zonse ndi ochepa kwambiri, pafupifupi mmodzi pa 100 alionse, ndipo mbali yaikulu ya zonyansa zonse imachokera kwa osewera wamba amene tsikulo zinthu sizinawayendere. Kutanthauza anthu ngati inu ndi ine. Zimenezi n'zotonthoza, komanso n'zoopsa pang'ono, chifukwa clan siphwasulidwa ndi chigawenga chochokera kunja ayi, imaphwasulidwa ndi co-leader wabwinobwino amene wakwiya 11 koloko usiku, chala chili pa kabatani ka maikolofoni.

Ine ndinachitapo zanga. Zaka zingapo zapitazo, gemu ya mpira ya eFootball ikadatchedwa PES, tinali ndi kaligi ka pa WhatsApp. Wina anandichinya 4-0, ine n'kulemba pagulu kuti pali chimene akugwiritsa ntchito, munthu sangathamange chonchija. Anthu anaseka, ena anavomereza. Patapita milungu tinakumana maso ndi maso m'kashopu ka magemu kumsika, benchi imodzi, TV imodzi, pad yanga yomatidwa ndi selotepu kumbuyo. Anali kamnyamata kowonda, kovala yunifomu ya sukulu, chikwama chili pamiyendo. Kanandichinya 5-1 osalankhula kanthu, kenako kanati, "Akulu, mumathamangira mpira ndi defender, n'chifukwa chake pakati pamatseguka." Anyamata oonerera anaombera m'manja. Ndinapepesa pomwepo, koma pagulu pamene ndinamunamizira sindinalembe kanthu, ndipo mpaka lero zimandinyansa. Amene anawerenga kuti ndi wakuba sanamve kuti ndinabweza mawu.

N'chifukwa chake ndikuti kupepesa kwanu kuchitike kawiri. Yambani ndi iyeyo payekha. Muimbireni, musalembe, ndipo musatumize voice note ina. Akakana kuyankha, pemphani leader akhale nkhoswe, apite patsogolo kukafunsa ngati angakumvereni. Kenako mubwerere pagulu pamene munatukwanira. Munanyoza pabwalo, simungakapepesere kuseri kwa nkhokwe.

Ndipo m'kupepesako musalowetsemo "koma". "Pepani koma inunso mukanatiuza" si kupepesa, ndi kupitiriza mlandu mwaulemu. "Pepani ngati munakhumudwa" ndiye koipa kuposa, chifukwa kukuika vuto pa mtima wake osati pa pakamwa panu. Zokwanira ndi izi: "Akuluakulu, tsiku lija ndinawalankhulira mwachipongwe aphunzitsi pagulu pano. Ndinalakwa. Ndawapepesa paokha, ndikupepesanso kwa nonse amene munamva." Basi. Voice note ija muifufute ngati zikutheka, podziwa kuti madzi akatayika saoleka, ena anaisunga kale. (Mukumbukirenso kuti kuno tili ndi lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limakhudzanso kuzunza ena pa intaneti. Sindikuti mukumangidwa mawa, ndikungoti zimene timaponya pa WhatsApp sizikhala za mu gemu zokha.)

Za attack yosamenyedwa zidikire sabata ina, mitima itazizira, ndipo zikambidwe ngati lamulo la aliyense, osatchula munthu. Gemu ili kale ndi kabatani koti munthu asonyeze ngati akufuna kulowa war kapena ayi, ndiye gwirizanani kuti amene akudziwa kuti kwawo magetsi akuvuta aike kofiira popanda womuseka. Gwirizanani kuti attack yoyamba imenyedwe m'maola 12 oyambirira. Wophonya kawiri motsatizana apume war imodzi, kaya ndi member, kaya ndi elder (udindo wa pansi pa co-leader), kaya ndi inuyo. Zikalembedwa chonchi, tsiku lina simudzafunika kukalipa.

Tsopano za nyenyezi zanu zambirizo. Ndikukhulupirira kuti mumamenya bwino. Koma tsegulani mndandanda wa clan muone manambala a donation, amene amapereka asilikali kwa anzake. Sindingadabwe mutapeza kuti aphunzitsiwo anali pamwamba. Anthu 9 satuluka kutsatira munthu wopanda ntchito. Mwina ndi amene ankadzaza ma Clan Castle, mosungira asilikali opatsidwa ndi anzako, usiku inu mutagona, kapena amene ankalandira atsopano n'kuwafotokozera modekha pamene ena akuwaseka. Kampani ya Supercell, eni ake a Clash of Clans, itabweretsa ma Clan Wars mu 2014, inawapanga mwa njira yoti katswiri mmodzi, ngakhale atakhala woopsa bwanji, sangabweretse nyenyezi zoposa zisanu ndi imodzi. Zina 39 pa 45 zija zimachokera kwa anthu amene mukuwaona ngati katundu. Udindo wa co-leader umakupatsani mphamvu yoyambitsa war, yosankha olowa, yochotsa munthu. Ngati mukuona kuti mphamvuzo zikukuyabwani m'manja, palibe chamanyazi kuuza leader kuti akutsitseni mukhale elder kwa mwezi umodzi. Zimenezo zingalankhule kwa anthu 9 aja kuposa uthenga uliwonse.

Mwina sabwerera. Mwina adzayankha "zamveka" n'kukhala chete, kapena ayambitsa kale clan yawo. Musamukakamize, ndipo musatume anthu kukamunyengerera tsiku ndi tsiku ngati angongole. Akabwerera, musamuchitire phwando lomuchititsa manyazi. Mutumizireni friendly challenge, ayese asilikali ake pa mudzi wanu, ndipo akakupezani ndi nyenyezi zitatu mulembe "gg", kutanthauza kuti wasewera bwino, pa chat ya clan aliyense akuona.

Mundilembere mundiuze mmene foniyo yayendera. Ndipo bawo musamalinyoze, achimwene, aphunzitsiwo akhoza kukudyerani nkhomo zonse musanamalize kuwerenga.