Funsani Amisiri: Nyumba yakale ya pachilumba, tiyambire pati?

FUNSO: Zikomo akuluakulu. Kumudzi kwathu kuno ku Likoma kuli nyumba yakale ya miyala ndi laimu. Denga likudontha, makoma ali ndi ming'alu. Komiti yathu ikufuna kuikonza kuti tizisungiramo ng'oma ndi zovala za malipenga, amayi aziphunzitsiramo atsikana chioda. Wina watilonjeza matumba a simenti. Tiyambe ndi pulasitala? Kodi kwina zoterezi zinathekapo? Ndine mlembi wa komiti.

YANKHO: Zikomo bambo mlembi. Simentiyo landirani, koma isakhudze makomawo. Mudzamangira chimbudzi ndi ngalande.

Zinathekapo ndithu. Pachilumba cha Zanzibar, m'mphepete mwa nyanja ku Stone Town, pali nyumba yotchedwa Old Dispensary. Amene anaiyamba mu 1887 ndi Tharia Topan, mmwenye wamalonda, pofuna kuti ikhale chipatala. Iye anamwalira mu 1891 isanathe, ndipo inamalizidwa mu 1894. Kenako pansi pake pankaperekedwa mankhwala, m'mwamba mukukhala mabanja. Boma litasintha mu 1964 nyumbayo inasowa woisamala mpaka inawonongeka kwambiri. M'zaka za m'ma 1990 bungwe la Aga Khan Trust for Culture linaikonza, n'kukhala Stone Town Cultural Centre. Makoma ake ndi a miyala ya m'nyanja ndi laimu, choncho matenda ake ndi a nyumba yanu ndi apachibale, ngakhale yanu ndi yaing'ono.

Musanagwire fosholo, dziwani mwini wake. Ngati ndi ya mpingo kapena ya banja, palembedwe kalata pamaso pa amfumu. Lemberaninso ku dipatimenti ya boma ya Museums and Monuments, chifukwa nyumba zina zakale lamulo limaziteteza. Jambulani khoma lililonse pafoni, mkati ndi kunja, ndipo agogo amene akuikumbukira afotokoze mmene inalili.

Ntchito yeniyeni imayambira padenga. Chimene chimapha nyumba ya laimu ndi madzi. Kwerani m'mwamba ndi msomali wautali, muzibaya thabwa lililonse, makamaka pamene lalowa m'khoma. Msomali ukalowa mosavuta, chiswe kapena kuvunda kwadya mkati ngakhale kunja kukuoneka bwino. Dulani povundapo, mulumikize thabwa latsopano louma lopakidwa mankhwala a chiswe. Lamoyo lisiyeni. Malata atuluke kunja kwa khoma masentimita 60 kapena kuposa, ndipo nthaka yozungulira nyumba itsetsereke chakunja kuti madzi asamaime pamaziko. Timitengo tomera m'khoma tiduleni, mizu muichotse pang'onopang'ono. Mukaizula mwamphamvu imabwera ndi miyala.

Ming'alu musaithamangire. Lembani ndi pensulo pamene mng'alu wathera, ndi tsiku lake, ndipo muyeze kukula kwake. Dikirani dzinja lidutse. Ukapanda kusintha, ndi wakale, ungotsekedwa. Ukakula, maziko akuyenda, ndipo apo pafunika injiniya, osati pulasitala.

Nanga simenti talakwirana nayo chiyani? Khoma la laimu limamwa chinyezi n'kuchitulutsa dzuwa likawala. Mukalimata simenti, chinyezi chimasowa potulukira, chimakwera m'mwamba, dothi lomangira limafewa mkati, ndipo pakapita zaka zochepa pulasitalayo amasendeka atanyamula nkhope ya njerwa kapena timiyala. Gogodani khoma lotere ndi chala, limamveka ngati chigubu chopanda madzi. Penti wa mafuta amachitanso chimodzimodzi.

Gulani laimu womangira, amene pathumba amalemba hydrated lime. Chenjerani apa: laimu wothira m'munda sagwira ngakhale pang'ono, ndipo ambiri amatayira ndalama pamenepa. Thirani laimuyo m'diramu momwe muli kale madzi, muvundule mpaka akhale phala lolimba, madzi atsale pamwamba. Agone osachepera tsiku limodzi. Akakhala milungu ingapo amakoma kwambiri. Muyezo ndi ndowa imodzi ya phalalo pa ndowa zitatu za mchenga. Inu muli ndi mwayi umene anzanu a ku Zanzibar alibe, poti mchenga wa nyanja yathu ulibe mchere. Komabe sankhani wokhakhala, wosefedwa. Wosalala kwambiri umang'aluka.

Pakati pa miyala, kololani dothi lofumbutuka kuya kwake kuwirikiza kawiri kukula kwa mpatawo, nyowetsani, kenako kanikizani latsopano. Pulasitala asapose sentimita imodzi ndi theka pa ulendo umodzi, ndipo papite sabata musanaike wina. Laimu amalimba pomwa mpweya pang'onopang'ono. Dzuwa la mwezi wa Okutobala likamuumitsa tsiku limodzi amangosanduka fumbi, choncho pachikani masaka onyowa kutsogolo kwa khoma, muziwaza madzi kwa sabata yathunthu. Pomaliza pakani njereza yopyapyala ngati mkaka, katatu kapena kanayi, tsiku n'tsiku. Amisiri avale magolovesi ndi zoteteza maso, laimu amaotcha.

Katundu wambiri abwera pa Ilala, ndiye werengerani zonse pamodzi ndipo matumba akulungidwe m'pulasitiki. Laimu wouma akakhalitsa pachinyezi amatha mphamvu.

FUNSO: Yathu tinakonza kale, koma zikopa za ng'oma zikuchita nkhungu ndipo mileme yadzaza kudenga. Mayi wa ku Chizumulu.

YANKHO: Mayi, nyumbayo imakhala yotseka kwambiri. Tsegulani mawindo tsiku lililonse kukacha bwino. Ng'oma zikhale pathandala, masentimita 30 kuchoka pansi, zosatsamira khoma. Zovala zisungidwe m'mabokosi zitauma bwino, osati m'majumbo. Mileme idikireni ituluke madzulo, ndiye mutseke mipata ndi waya wa sefa, koma osati pamene ili ndi ana, chifukwa anawo amafera mkati n'kununkhitsa nyumba. Posesa ndowe zake wazani madzi kaye ndipo muvale chophimba mphuno. Sankhani munthu mmodzi wosunga kiyi, ndipo pa ndalama za alendo odzaonera magule muzipatula ina ya misomali ndi njereza mvula isanayambe.