Musanagwetse nyumbayo, yambani mwayeza poloti

Achemwali, mwafunsa kuti mwa mapulani awiri mwaikawo, ya zipinda zitatu ndi ya zinayi, mutenge iti mukagwetsa nyumba yakale ya makolo ku Chilomoni. Onse ndi okongola pa foni, koma anawajambulira malo athyathyathya, ndipo kuno ku Blantyre malo otere ndi osowa.

Pezani kaye saveya akuonetseni mabikoni, zizindikiro za malire a poloti, chifukwa mpanda umene anamanga akuluakulu nthawi zambiri sukhala pamalire enieni. Kenako wojambula mapulani abwere adzapondepo yekha, aone kumene madzi amalowera mvula ikagwa. Ife tinachita phuma. Tinagula pulani yojambulajambula kale, n'kugwetsa nyumba, ndiye mmisiri atayamba kukumba anapeza thanthwe kumtunda, pomwe kumunsi kumafunika maziko ofika m'chiuno. Simenti yomwe tinasungira makoma inathera pansi, tinakhala pa lendi chaka china chathunthu. Pamalo otsetsereka ndi bwino nyumba izitsika ndi mtunda, mbali ina mmwamba ina mmunsi, masitepe atatu kapena anayi pakati, kusiyana ndi kuthira dothi malole ndi malole. Ndipo amene tinaona zomwe namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe ndi mmunsi mwa phiri la Soche mu Malichi 2023 sitinyozanso ngalande ndi khoma lotchinga dothi. Zimenezo zikhale pa pulani pomwepo, osati kudzazikumbukira ndalama zitatha.

Musagwetse khonsolo isanadinde pulani yanu. Ku Civic Centre ku Chichiri adzafuna umboni woti malowo ndi anu, ndiye ngati mapepala akadali m'dzina la malemu, khalani pansi ndi abale anu mukonze zimenezo poyamba. Nyumba zambiri zimene mumaziona zitaima pa mawindo, udzu utamera mkati, vuto silinali simenti ayi.

A ESCOM ndi a Water Board muwadziwitse asanabwere anyamata a nyundo, ndipo onani pomwe pali chimbudzi chakale chokumba, pamenepo maziko asadutsepo. Malata, zitseko ndi njerwa zabwino musataye, zimangira kanyumba kakuseri kosungiramo katundu. Ngati mukutenga kontilakitala, aonetse pepala lake lochokera ku bungwe la boma loyang'anira ntchito zomanga.

Pa awiriwo ine ndingatenge ya zipinda zitatu, koma muuze wojambulayo asiye mbali imodzi yoti mudzawonjezere chachinayi osaphwasula denga.