Za IEP ya mwana wa autism: musasayine tsiku lomwelo achemwali

Achemwali amene mwafunsa za mnyamata wanu wa zaka 4 uja, kuti dokotala wanena kuti ndi autism koma kusukulu akufuna amulembe m'gulu la developmental delay (kuchedwa kukula) ndiye mukuona ngati akukuponderezani, ine ndingoyankha za sukuluzo basi, poti ndi zomwe zinandiliritsa kuno ku Indiana, ku America, ndi wangayu amene pano ali ndi zaka 9. Ndaona mwati muli konkuno ndiye zambiri zifanana.

Pepala la dokotala ndi lina, la sukulu ndi lina. Ineyo ndinkaganiza kuti ndikangopereka kalata ya dokotala ku ofesi basi zatheka, mawa lake mwana ayamba kuthandizidwa. Ayi ndithu. Sukulu imayendera lamulo la IDEA, la maphunziro a ana olumala, lomwe lili ndi magulu 13, autism ndi limodzi mwa iwo (analiwonjezera mu 1990), ndiye kuli speech or language impairment, other health impairment komwe amaikako ana ambiri a ADHD, intellectual disability, ndi ena otero. Iwowo amamuyeza okha mwanayo, ulele, ndipo chomwe amafuna kuona ndi chakuti vutolo likumusokoneza bwanji kuphunzira. Ndiye developmental delay yo si bodza ayi, ndi gulu la ana aang'ono ndipo mwana atha kulandira nalo chithandizo chonse chomwe akufunika, kungoti limatha akamakwanitsa zaka 9. Afunseni pano pano kuti pomuyeza paja anayezanso za autism kapena ayi, ndipo ngati sanayeze ayeze. Chomwe ine ndingakane kwamtuwagalu ndi akati tingomulemba speech yokha, kapena akati tingomupatsa 504 plan. 504 ija ndi ya kumusinthira tinthu monga pokhala m'kalasi ndi nthawi ya mayeso, si yofanana ndi IEP, pulani ya maphunziro a mwanayo payekha, yomwe imabwera ndi maphunziro ake apadera ndi zolinga zolembedwa.

Koma nkhondo yeniyeni sili pa dzina la gulu, ili pa ma minitsi. Imvani zomwe zinandichitikira.

Wangayu atayamba kindergarten ndinawauza aphunzitsi ake pakamwa, pakhomo pa kalasi pomutenga, kuti mwanayu salankhula bwino ndipo akamva belu amatseka makutu n'kukuwa. Anandimwetulira bwinobwino n'kuti tidikire kaye tione, mwina ndi chifukwa kunyumba mumalankhula chilankhulo china. Ine ndi ulemu wathu uja wa kwathu woti aphunzitsi satsutsidwa ndinangoti chabwino madamu. September anadutsa, Khirisimasi inadutsa, tinafika mu March palibe chachitika, chifukwa zonena pakhomo zija palibe anazilemba paliponse. Mayi wina wa kutchalitchi ndi amene anandiuza kuti lemba imelo kwa a principal ndi ku ofesi ya special education, unene kuti ndikupempha mwana wanga ayezedwe, uike deti. Mizere itatu yokha. Kuno akalandira pempho ali ndi masiku 10 a sukulu kuti akuyankheni molemba, ndipo mukasayina kuvomera ali ndi masiku 50 a sukulu kuti amalize kuyeza n'kuitanitsa msonkhano. Masiku a sukulutu, osati a pakalendala, maholide ndi ma weekend sawerenga, ndiye mukapempha mu March ngati ine mudzapeza kuti chaka chapita. Chaka chathunthu chinapita choncho chifukwa cha pakamwa.

Ndiye unafika msonkhano uja, kuno amati case conference. Ndinachokera ku night shift, maso ali psuu, yunifolomu osavula. Ndikulowa ndinapeza anthu asanu ndi awiri azungulira tebulo aliyense ndi laputopu yake, pakati ayikapo kabokosi ka matishu ngati akudziwa kale kuti ndilira. Ankalankhula mothamanga, LRE, TOR, ma percentile, ine kumangogwedeza mutu kuti yes yes kuopa kuoneka mbuli. Pomaliza anandisunthira pepala ndi cholembera ndipo ndinasayina osawerenga tsamba ndi limodzi lomwe. Pamalo pa munthu womuyang'anira mwana analembapo kuti adult support as needed. Mawu awiri omalizawo achemwali! Tanthauzo lake ndi lakuti akafuna iwowo. Patangotha milungu yochepa anandiimbira foni ndili mtulo kuti mwana anatuluka pabwalo losewerera nthawi ya buleki ndipo amupeza poimika magalimoto, nsapato imodzi palibe. Nditafunsa kuti womuyang'anira anali kuti, anandiwerengera pepala lomwe ndinasayina ndekha lija. Ndinasowa chonena.

Ndiye inu mukapita, pepalalo mutenge mukawerengere kunyumba, muli ndi ufulu, ndipo IEP yoyamba siyamba kugwira ntchito inu musanasayine. Koma chenjerani ndi zokonzanso za zaka zotsatira, kuno mukangokhala chete masiku 10 a sukulu atakupatsani notisi imayamba yokha, ndiye osaliika pansi pa matilesi n'kuiwala. Powerenga fufuzani manambala. Speech therapy ndi ma minitsi angati pa sabata, ali yekha kapena pagulu la ana angati, chifukwa ma minitsi 30 ogawana ana anayi mwana wosalankhula amangokhala duu kuonerera anzake. OT (occupational therapy, yomuphunzitsa kugwiritsa ntchito manja ndi kudzisamalira) ma minitsi angati. Ngati amathawa, zilembedwe kuti pa buleki, pa chakudya ndi pokwera basi pakhale munthu wamkulu pambali pake, osati as needed, osati when available. Basi nayonso ilembedwe mmenemo. Ngati akumenya kapena kudziluma pemphani FBA, kuyeza kwa khalidwe lake, kuti aone chomwe chimayambitsa, apange behavior plan, kusiyana ndi kumakuimbirani daily kuti dzamutengeni. Zodzamutenga masanazo musazolowere, ine zinatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito, ndipo mukamutenga mwakachetechete sizilembedwa paliponse. Muziwafunsa kuti kodi mukumuimitsa sukulu? Ngati ndi choncho ndipatseni molemba. Mudzaona mafoni achepa. Funsaninso za ESY, maphunziro a nthawi ya summer, ndi za kachipangizo kolankhulira kaja ka AAC ngati mawu akuvuta. Wangayu mawu ake oyamba omveka anachita kudina pa kachipangizoko, anadina chicken kasanu motsatizana, ndinalira ngati ndaferedwa.

Musapite nokha. Ine ndimalumbirira IN*SOURCE, likulu lawo lili ku South Bend konko, ndi bungwe lothandiza makolo a ana otere ndipo salipiritsa. Ambiri ogwira ntchito kumeneko ndi makolo anzathu omwe anadutsamo. Amene anandithandiza ine anakhala nane pafoni pafupifupi ola lathunthu tikuwerenga IEP mzere ndi mzere, msonkhano wotsatira ndinalowa ndi mafunso olemba pa envelopu ndipo anthu omwe aja anayamba kulankhula pang'onopang'ono. Amene muli ma state ena, state iliyonse ili ndi parent center yake yotero. Ma advocate olipira aliponso koma amadula, ine anandiuza cha m'ma $100 pa ola, ena kuposa apo, loya ndiye osanena. Kukayezetsa mwana panokha kopanda inshuwalansi ndi cha m'ma $2,000 kapena $3,000, koma musanatulutse ndalama imeneyo dziwani kuti ngati simukugwirizana ndi zomwe sukulu yapeza mutha kupempha independent evaluation yolipira iwowo, ndipo ayenera kulipira kapena kukadziteteza ku hearing. Akamakuuzani kuti mwana akuchitako pang'ono ndiye zakwana, khothi lalikulu la dziko lino linagamula mu 2017 pa mlandu wa Endrew F., mwana wa autism wa ku Colorado, kuti kapang'ono kongoti tione ngati tachita sikokwanira. Simukuyenera kukhala loya, kungotchula dzinalo mumsonkhano amadziwa kuti mayi awa afunsafunsa.

Womasulira pemphani ngati Chingerezi chothamanga chimakuphonyani, ndi udindo wawo kuonetsetsa kuti mukumva zomwe zikukambidwa. Muwauze Chichewa kapena Nyanja chifukwa makampani omasulira ena amadziwa dzina linalo, ndipo muwauze nthawi ilipo. Ndipo kwa amene anandifunsa kumbali za mapepala okhalira m'dziko muno, sukulu ya boma siingamukane mwana pa chifukwa chimenecho, zinagamulidwa kale mu 1982.

Tsono awa akuyankha kuti mutumizeni kumudzi kwa agogo akasewere ndi anzake akalankhula, pepani koma mwana si chimanga choti chikauma chikaona dzuwa la kwathu. Enanso akuti ndi ma foni, ena akuti musiye kumulankhula Chichewa chikumusokoneza. Ine ndinasiya miyezi ingapo chifukwa cha malangizo omwewa, m'nyumba munangoti zii, ine kumalankhula ndi mwana wanga Chingerezi chothyokathyoka ngati mlendo. Speech therapist wake ndi amene anandikalipira kuti bwererani ku chilankhulo chanu, zilankhulo ziwiri sizibweretsa autism. Pano akafuna madzi amati madzi, ndipo agogo ake akaimba pa WhatsApp amawayankha kuti ndili bwino, ngakhale amayankha asanafunsidwe. Kupemphera pempherani, inenso ndimapemphera, koma imelo ija mulembe.

Medicaid waiver, thandizo la boma la anthu olumala, lembetsani lero lomwe ngakhale mukuona ngati simukuifuna, kuno ndi Family Supports Waiver, mzere wake ndi wautali zedi ndipo amawerengera tsiku lomwe munalembetsa. Gulaninso bayinda imodzi yaikulu muzisungamo kalikonse, ngakhale katimapepala tomwe amaika m'chikwama mwake, ndipo mukalankhulana ndi aphunzitsi pakhomo mukafika kunyumba tumizani imelo yoti lero tinagwirizana zakuti zakuti.

China chosakhudza sukulu koma ndinene. Ngati mukukhala m'ma apartment okhala ndi kadziwe kumbuyo kaja, ana athuwa ambiri amakopeka ndi madzi moopsa ndipo amatuluka mwakachetechete inu mukuvundula nsima. Gulani ka alamu ka pachitseko, ine ndinagula cha m'ma $15 tiwiri, muike pamwamba pomwe safikira, ndipo mumulembetse maphunziro osambira msanga. Tsiku lina akadzasowa, Mulungu aletse, osayamba kufufuza m'zipinda, wina athamangire kumadzi kaye.