Funsani Akatswiri: Nsanja ya Eiffel, Dzimbiri ndi Lintala Yong'aluka

Makalata a mwezi uno achokera ku Mzuzu, ndipo onse atatu akufunsa za zitsulo.

FUNSO: Ndine wowotcherera, ndimapanga mageti ndi masitandi a mathanki. Ndamva kuti nsanja ya Eiffel ku Paris sanaiwotcherere. Nanga zitsulo zonsezo zikugwirana bwanji? Ndipo bwanji dzimbiri silinaigwetse, pomwe masitandi athu kuno sachedwa kubooka?
Wowotcherera, Luwinga

YANKHO: Mwamva zoona, achimwene. Nsanjayi anayamba kuimanga pa 28 Januwale 1887 n'kuimaliza pa 31 Malichi 1889, nthawi yomwe kuwotcherera ndi magetsi kunali kukungoyesedwa kumene. Chitsulo chake sichofanana ndi chomwe mumagula lero. N'chofewa, chili ndi timizere ta zotsalira za m'ng'anjo m'kati mwake. Chimalola kupinda ndi kusula, koma mukachiwotcherera mfundo zake sizidalirika. Choncho zidutswa 18,038, zolemera matani 7,300, anazilumikiza ndi mariveti 2,500,000.

Riveti ndi msomali wonenepa wopanda nsonga, ndipo kuika imodzi kunkafuna anthu anayi. Woyamba ankaiwotcha pamoto mpaka kufiira psuu. Wachiwiri ankailowetsa m'bowo n'kutsamiza mutu wake ndi chitsulo cholemera. Wachitatu ankagwira chitsulo chokumbika kumapeto pamchira wa rivetiyo, wachinayi n'kumamenya ndi hamala yaikulu mpaka mchirawo utasanduka mutu wachiwiri. Mphamvu imabwera pozizira: riveti imafupika n'kufinya zitsulo ziwirizo mwakuti sizingasunthe. Ikazizira asanamalize kuimenya sidzaza bowo, imagwedera, ndipo yotere ndi yodula n'kuika ina.

Komatu ntchito yaikulu inachitikira kufakitale ya Gustave Eiffel ku Levallois-Perret, pafupi ndi Paris, osati pamalo omangira. Pulani yoyamba anajambula ndi mainjiniya ake, Maurice Koechlin ndi Émile Nouguier, mu 1884. Malo a bowo lililonse ankawerengetsera mpaka pa 0.1 ya milimita. Mariveti awiri mwa atatu aliwonse anawamenyera kufakitale komweko. Zigawo zikafika, ankayamba azimanga ndi mabawuti, kenako n'kumachotsa bawuti imodziimodzi n'kuikapo riveti. Chidutswa chikakana kulowa sankachikakamiza kapena kuchiboolanso, ankachibweza kufakitale. Apa m'pamene timagwera ambiri. Kudula moyerekeza ndi maso, mpata wa mamilimita 5 n'kuudzaza ndi rodi, kumasiya mfundo yooneka yonenepa koma ya mphako m'kati. Thanki ya malita 5,000 ndi matani 5 a madzi pamwamba pa mitu ya ana osewera pansi. Dulani zitsulo zikumane bwino, ndipo mbali zonse zinayi za sitandi muike zopingasa zopanga makona atatu, monga muonera pachithunzi cha nsanjayo kuyambira pansi mpaka kunsonga.

Za dzimbiri, mankhwala ake ndi penti ndi kusapatsa madzi pokhala. Nsanjayi amaipentanso pafupifupi zaka 7 zilizonse, ndi manja, ndipo pamapita matani 60 a penti. Zitsulo zake zili poyera, mphepo imadutsa n'kuziumitsa, wopenta amafika nazo mbali zonse. Sitandi ya machubu ndi yosiyana: madzi amalowera pa timabowo ta powotcherera, amatsikira kumwendo n'kukhala pomwepo, chubu n'kumadyeka m'kati kunja kukuwala. Ndi mvula yowaza ya ku Mzuzu, yomwe imapitirira kwina kutauma kale, miyendo yotere siuma. Gwiritsani ntchito zitsulo za angle, zija zopindika ngati chilembo cha L. Ngati ndi machubu, boolani kabowo ka mamilimita 8 pansi pa mwendo uliwonse. Miyendo iime pa konkire yokwera masentimita 15 kuchoka padothi, yotsetsereka pamwamba. Mukawotcherera gogodani makoko onse, kwechani ndi bulashi ya waya, pakani red oxide, penti yofiira yoteteza ku dzimbiri, tsiku lomwelo, ikauma mubwereze, kenako penti ya mafuta kawiri. Chimodzi chokha musatengere: penti yakale ya nsanjayi inali ndi mtovu, womwe ndi poizoni, makamaka kwa ana.

FUNSO: Lintala ya pawindo la nyumba yanga yang'aluka kunsi ndipo ikutuluka madzi ofiira. Bilidala akuti simenti inali yoipa. Mwana wanga akuti zoika zitsulo m'konkire anayambitsa ndi mlimi wa maluwa wa ku France. Kodi njira ya mlimi n'kuikhulupirira?
Mayi wa ku Zolozolo

YANKHO: Mwana wanu sananame, mayi. Joseph Monier ankasamala minda ya maluwa, ndipo mu 1867 analembetsa kuboma njira yake youmba miphika ikuluikulu ya simenti yokhala ndi waya m'kati. Mu 1875 anamanga mlatho waung'ono ku Chazelet mwa njira yomweyo. Sanali yekha: Joseph-Louis Lambot anali atapanga kale bwato la simenti ndi waya mu 1848, ndipo mu 1892 François Hennebique analembetsa njira yomangira mizati, mabimu ndi silabu ngati chinthu chimodzi, ndi tizitsulo tomangira zitsulo zazitali, tomwe ndi makolo a maring'i a lero.

Njirayi ndi yodalirika chifukwa konkire imapirira kupanikizidwa koma imang'aluka ikakokedwa, pomwe chitsulo chimapirira kukokedwa. Lintala ikasenza khoma, kunsi n'kumene kumakokedwa, n'chifukwa chake zitsulo zazikulu zimakhala m'munsi. Khonde lotulukira kunja lopanda mizati limakokedwa mbali ya pamwamba, ndipo kuika zitsulo zake m'munsi n'kuitana ngozi.

Zomwe mwafotokozazo zikuloza ku kaikidwe ka zitsulo, osati simenti. Nthawi zambiri amazigoneka pathabwa penipeni pothira konkire, zikatero zimangokutidwa ndi kachikhungu kopyapyala. Simenti imateteza chitsulo ku dzimbiri pokhapokha itachikuta mokwanira. Chinyontho chikachipeza, dzimbiri limatupa kuposa chitsulo chomwe ladya n'kuphulitsa konkire. Pamafunika mamilimita 25 a konkire kuzungulira chitsulo m'nyumba, 40 pomenyedwa ndi mvula, 50 kapena kuposa pokhudza dothi. Umbiranitu timabuloko ta simenti ta muyeso umenewo, tokhala ndi waya womangira, osati kutsamiza ndi zibenthu za njerwa zomwe zimamwa madzi. Muyeso wa konkire ukhale ndowa 1 ya simenti, 2 za mchenga wa kumtsinje wopanda dothi, 4 za kwale, madzi ongokwanira kuti isakanizike. Yamadzimadzi siivuta kuthira, koma ikauma imasiya timabowo tomwe madzi adzadutsemo. Muithirire madzi masiku 7.

Lintala yanuyo musaimate ndi pulasitala, dzimbiri lipitirira kunsi. Aichirikize ndi mitengo, agobe konkire yofumbutuka mpaka kuseri kwa chitsulo, achikweche mpaka chiwale, n'kumatanso ndi matope a simenti 1 ku mchenga 3. Ngati chitsulo chaonda mooneka, kapena mng'alu wakwera m'khoma, itanani injiniya. Lintalayo ingafunike kuumbidwanso.

FUNSO: Aphunzitsi akuti nsanja ya Eiffel imatalika kukatentha. Zoona?
Wophunzira wa Fomu 3, Katoto

YANKHO: Zoona, mwanawe, ndipo ukhoza kuwerengetsera wekha. Mita imodzi ya chitsulo imatalika pafupifupi mamilimita 0.012 kutentha kukakwera ndi digiri imodzi. Nsanjayi ndi mamita 300 osawerengera milongoti ya wailesi. Kusiyana kwa madigiri 40 pakati pa chisanu ndi chilimwe kukupatsa 300 × 40 × 0.012, omwe ndi mamilimita 144, pafupifupi masentimita 15. Mbali yomwe ili padzuwa imatalika kuposa ya mumthunzi, choncho nsonga imapendekera pang'ono kumbali yopanda dzuwa. Yesa masamu omwewo pa geti la mamita 6 lomwe latentha ndi madigiri 30: upeza mamilimita 2 ndi pang'ono. Wowotcherera akapanda kusiya mpata, geti lomwe limatsekeka bwino m'mawa limakana masana a mu Okutobala.