Therere lobala m'dziko lozizira

Achemwali ena a ku Leeds andilembera imelo: therere lawo lobala limamera, koma limangoima pomwepo osabereka. Funso limeneli landifika pamtima, chifukwa inenso ndinavutika nalo zaka zitatu nditangobwera kuno ku England.

Ine ndinakulira ku Chikwawa. Kwathu kuja therere sitinkalinyengerera. Agogo ankangoponya njere m'mphepete mwa munda wa mapira mvula ikagwa, pakapita miyezi iwiri tayamba kuthyola, manja akuyabwa. Chidulo ankacheza okha kuchokera ku phulusa, soda wogula ankamukana kuti amawawitsa ndiwo. Ndikakumbuka mphika uja ukuchita thovu pamafuwa, tomato atadulidwa pambali, nsima ikuvundulidwa, mpaka lero mtima umandiwawa.

Chaka changa choyamba ndinadzala panja mu April, poona kuti dzuwa latuluka. Njere zonse zinaolera m'dothi. Chaka chachiwiri zinamera pawindo, ndinawokera panja mu May, ndipo mbewu zinafika msinkhu wa chikhato n'kuima. Masamba anachita chikasu. Ndinathira manyowa, ndinathira feteleza, ndinathirira m'mawa ndi madzulo. Sizinasunthe.

Ndiye ndinene mosabisa, achemwali: therere lanulo silikumva njala, likumva kuzizira. Anthu amene amalangiza pa Facebook kuti onjezerani feteleza akukutayitsani ndalama. Mbewu imeneyi imakondwa kukatentha kupitirira madigiri 25, ndipo usiku ukamatsika pansi pa madigiri 15 imaleka kukula. Chisanu chikangoigwira kamodzi, yatha. Ngakhale kumudzi komwe, yesani kulidzala ku Dedza mu June, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, muona zomwezi.

Ena amati bwanji osangogula la m'mapaketi la mufiriji. Ndimagula ndithu nthawi yozizira, sindikana. Koma lothyola wekha m'mawa, lanthete, loti ukapinda kunsonga limathyoka kuti thyo, n'lina. Ana anga anabadwira kuno, ndipo tsiku limene mwana wanga wamkazi anaona duwa lake koyamba, lachikasu lofiira pakati, sanakhulupirire kuti limakhala tsiku limodzi lokha n'kufota. Tinakhala pansi ndikumufotokozera za agogo ake aakulu amene sanawaonepo.

Zoti muchite

Viikani njere m'madzi ofunda usiku wonse. Fesani m'nyumba mu April, njere imodzi mumphika wakewake, pamalo ofunda madigiri 21 kapena kuposa. Muzu wake waukulu sufuna kusokonezedwa, choncho powokera musagwedeze dothi. Musatulutse June asanafike, ndipo potulutsapo mulowetse mu greenhouse kapena m'kanyumba ka pulasitiki, osati pabwalo. Miphika yakuda imasunga kutentha. Madzi akhale ofunda pang'ono, dothi lisachite lowe. Mtundu wa Clemson Spineless ndi umene njere zake zimapezeka mosavuta kuno. Muziyang'ana kunsi kwa masamba, tiakangaude tofiira timakonda mouma ndi motentha.

Musayembekezere lichero lodzaza ngati kwathu. Ine mitengo 8 imandipatsa timanja tochepa pa sabata mu August, ndimathyola lisanapitirire masentimita 8 n'kumasunga mpaka likwane mphika. Chaka chatha linakwana kanayi, ndipo ulendo womaliza ndinaitana anzanga awiri a ku Nsanje tidyere limodzi.