Kodi msewu wa M12 umathera pati?

Mwa makalata amene ndalandira pa imelo sabata ino, ya achimwene ena a pa Kamwendo ndiyo yandiganizitsa kwambiri. Akuti anatsutsana ndi bambo awo aang'ono. Iwo akuti M12 imathera pa chipata cha Mwami, pa malire ndi dziko la Zambia, koma akuluwo akuumirira kuti msewu wa ku Lilongwe umayambira pa depoti ndipo umathera pa boma la Mchinji. Funso lawo ndi loti: wolondola ndani, nanga msewu ungasinthe poyambira ndi pothera?

Achimwene, pa pepala mwakhoza ndinu. M12 imapatuka pa M1 mu mzinda wa Lilongwe, pa raundabauti imene anthu amaitchula kuti ya Mchinji kapena ya Crossroads, n'kudutsa Namitete ndi Kamwendo, kufika pa boma patatha makilomita pafupifupi 110, kenako n'kupitirira mpaka malire. Mukangowoloka, phula ndi lomwelo koma dzina lasintha: a ku Zambia amati T4, Great East Road, wopita ku Chipata mpaka Lusaka. Misewu yathuyi ili m'manja mwa bungwe la Roads Authority, ndipo chilembo M chimasonyeza msewu waukulu, S wachiwiri, T wachitatu, D wa m'boma.

Koma bambo anu aang'ono musawaseke. Iwo akunena mathero amene thupi lawo limawadziwa. Kwerani minibasi ku Lilongwe muone: kondakitala akamakuwa kuti "Mchinji boma!", akunena pamene adzakutsitseni, ndipo mukafika pamenepo injini imazima, matumba a ufa amatsitsidwa, wopita ku Mwami amayamba kufunafuna takisi ina. Kwa wapaulendo, msewu wathera pomwepo. Ndiponso kale Mchinji inkatchedwa Fort Manning, Chipata inali Fort Jameson, ndipo njira inkadziwika ndi boma limene ikulowera, osati nambala. Akuluakulu ambiri anakula ndi kawerengedwe kameneko.

Tsono pa nkhani yosintha, kumene muyenera kuyang'ana ndi ku Lilongwe. Likulu litasamukira kumeneko kuchoka ku Zomba mu 1975, mzinda unayamba kufutukuka, ndipo malo amene kale anali kunja kwa tauni anasanduka pakatikati. Thiraki yochokera ku Mwami yopita ku Dedza inkayenera kulowa m'tauni, kuwoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe pamodzi ndi maminibasi, akabaza ndi anthu opita kumsika. Ichi n'chifukwa chake anamanga msewu wolambalala kumadzulo, wa makilomita pafupifupi 13, ndi ndalama zochokera ku African Development Bank. Umachoka pa M12 pamene yakumana ndi Kaunda Road n'kukatulukira pa M1 cha ku mphambano ya Bunda. Chikwangwani cha M12 sichinasunthe, koma kwa dalaivala wa thiraki msewu wa Mchinji tsopano umathera pa mphambano ya Kaunda Road ija. Chigawo chotsalacho, cholowa m'tauni, chasanduka msewu wa mumzinda.

Umu ndi mmene zimayendera m'mizinda yambiri. Amayamba kupatuka ndi magalimoto olemera, malonda amatsatira, mapu ndi zikwangwani zimabwera pambuyo.

Kumalire nakonso kwasintha. Mu December 2022 a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsegula chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, pomwe wapaulendo amaima kamodzi m'malo moonetsa mapepala mbali ino kenako mbali inayo. Malire sanasunthe, koma poimira pasintha, ndipo poimira ndiye pamene pali ndalama.

Apa ndi pamene ine mtima umandigwira. Pa Kamwendo panupo pali moyo chifukwa M18, yochokera ku Kasungu kudzera ku Santhe ndi Kapiri, imakumana ndi M12 pomwepo. Taimani pamphambano m'mawa muone: basi isanaime bwinobwino, mabeseni a mtedza ndi nthochi afika kale pawindo, wa tchipisi akupemerera moto, anyamata a njinga akulimbirana katundu. Mphambano imeneyo itati isunthidwe ndi kilomita imodzi yokha, mayi amene anamanga okala yake ndi ndalama za banki m'khonde angadzuke n'kupeza kuti makasitomala akudutsa kuseri. Sindikutsutsa misewu yolambalala, chifukwa mathiraki sayenera kupyola pakati pa msika pomwe ana akuwoloka. Chimene ndikufuna n'chakuti mapulani otere azifotokozedwa kwa anthu nthawi ikadalipo, m'Chichewa, pabwalo la amfumu, ndipo siteji ndi msika watsopano zizikonzedwa limodzi ndi msewuwo.

Mukakhala nawonso pansi bambo anu aang'ono, afunseni pamene basi inkaima iwo ali mnyamata, ndi njira imene ankadzera popita ku Fort Jameson. Mulembe zimene akuuzenizo, munditumizire pa imelo yomweyi.